Timapini Tofiira pa Mapu a Bambo

Bambo anga anagwira ntchito yosankha makalata ku positi ofesi kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo anabako zinthu zisanu ndi ziwiri zokha. Sanabe ndi manja ayi. Ankaba ndi maso, n'kusunga m'mutu mpaka nthawi yoweruka, kenako n'kudzalemba m'kope kunyumba. Zomwe anabazo anali makeyala a anthu okhala ndi dzina la banja lofanana ndi lathu.

Dzina lathulo ndi losowa kwambiri. Ine ndafika pomera imvi ndisanakumanepo ndi munthu wina wodziwika nalo. Kusukulu mphunzitsi aliyense watsopano akafika pa dzina langa ankaima kaye, n'kukweza mutu, n'kufunsa kuti kwathu n'kuti. Kuchipatala chimodzimodzi, kubanki chimodzimodzi. Ine zinkanditopetsa. Koma Bambo funso lomwelo linkawakomera ngati awapatsa mphatso, moti wofunsayo ankanong'oneza bondo, chifukwa yankho lake linkatenga ola lathunthu.

Yankholo linali lotere. Dzinali linachokera m'chigwa china chomwe lero chili pansi pa madzi a damu. Agogo awo a Bambo anali ndi ana aamuna asanu, ndipo anthu atalamulidwa kusamuka m'chigwamo, anawo anabalalika. Woyamba anapita kumigodi, koma analowa ntchito ndi chiphaso cha munthu wina, ndiye anakhala ndi dzina la mwini chiphasocho mpaka kumanda, ana ake omwe. Wachiwiri anapita kudoko n'kubereka ana aakazi okhaokha. Wachitatu anapita kunkhondo osabwerako. Wachinayi anakalowa ntchito kuminda ya kampani ina, ndipo palibe anamvanso za iye. Wachisanu, chitsirizira, anatsata njanji n'kudzafika m'tauni ino, n'kubereka mwana mmodzi yekha, yemwe ndi Bambo angawo.

Pakhoma la pabalaza, pomwe anzathu ankapachikapo kalendala kapena chithunzi cha ukwati, ife panali mapu. Anali mapu akale a kuntchito, oonetsa njira za matumba a makalata, ndipo anawapatsa ofesi italandira atsopano. Pamapupo ankabayapo timapini. Takuda tinali ta akufa, tofiira ta amoyo. Takuda tinali toposa makumi awiri, chifukwa tchuthi chilichonse Bambo ankakwera basi kukafufuza m'manda ndi m'mabuku a m'matchalitchi. Ana a anzathu abambo awo akabwera ku ulendo ankalandira maswiti. Ife tinkalandira nsapato zamatope zoti titsuke ndi nkhani ya mtanda wina wothyoka womwe apeza patchire. Pa tauni yathu panali timapini tofiira titatu: ka Bambo, ka mlongo wanga, ndi kanga. Mayi analibe kapini, ndipo ankati, “Ine dzinali ndinachita kubwereka ngati ambulera, mvula ikatha ndidzabweza.”

Tauni yathu ili pamphambano, ndiye matumba a makalata ochokera mbali zonse ankadzera kuno. Chipinda chomwe Bambo ankagwiramo ntchito ndinachiona kangapo ndikawapititsira tiyi. Chinali kumbuyo kwa ofesi, cha zenera limodzi lam'mwamba, chonunkha masaka ndi guluu, khoma lonse lili timabokosi tamatabwa, kalikonse ndi malo ake. Munali matebulo awiri. Lina linali la makalata a m'tauni mommuno, lina la makalata odutsa, opita kwina. Bambo anakhala pa tebulo la odutsalo moyo wawo wonse, mpaka anzawo anangowatcha a Zodutsa, ndipo achinyamata obwera pambuyo sankadziwa n'komwe kuti ali ndi dzina lina. Wosankha makalata sawerenga dzina la munthu. Amangoona malo ndi nambala ya bokosi, dzanja laponya kale. Bambo okha ndi omwe ankawerenga maina, komabe palibe ankawaposa changu.

M'chaka chawo chachinayi pantchito, tsiku lina m'mawa, inatulukira envelopu yakhaki yolembedwa pa taipi, ili ndi dzina lathu. Inkapita ku tauni ina ya kumapiri. Akuti anaima nayo m'manja nthawi yaitali mpaka mkulu wa chipindacho anawafunsa ngati akudwala. Anaiponya m'kabokosi kake, koma tsikulo kunyumba sanadye. Anangobaya kapini kofiira kumapiriko n'kukhala pansi kumakayang'ana.

Patapita zaka zingapo kunatulukira ina yopita kumalire. Kenako pafupi ndi migodi, kenako kudoko, kenako kuchigwa cha nzimbe, kenako pa kasiteshoni kena ka njanji, ndipo pomaliza kumpoto kwenikweni, komwe mapu athu anali atang'ambika pang'ono. Makalatawo sanali ambiri, iwiri kapena itatu pa chaka, ena a pa taipi, ena olembedwa ndi manja osiyanasiyana. M'kope mwawo malo aliwonse anali ndi tsamba lake, monga momwe timabokosi ta kuntchito tinalili, ndipo kalata ikadutsa ankatsegula tsamba la malo akewo n'kulembapo tsiku. Mayi nthawi ina anasuzumira m'kopemo n'kufunsa kuti nanga bwanji anthu onsewa dzina lawo loyamba likuyamba ndi chilembo chimodzimodzi. Bambo anaseka mosangalala. Anati umenewo ndiye umboni woti ndi abale enieni, chifukwa kwathu mwana wamwamuna woyamba ankapatsidwa dzina la agogo aja, ndipo iwonso dzina lawo ndi lomwelo.

Choncho Bambo ankayenda modzikhulupirira kuti kunjaku kuli mabanja asanu ndi awiri a dzina lathu. Ankawawerengera ana m'mutu. Ankati banja lililonse likakhala ndi ana aamuna awiri okha, ndiye kuti dzinali silingafe.

Koma sanawalembere. Apa ndi pomwe pandipsetsa mtima mpaka lero. Tsiku lomwe analowa ntchito anakweza dzanja n'kulumbira kuti zomwe aona pa envelopu zizitsala m'chipindamo. Ambiri lumbirolo ankaliiwala mwezi usanathe. Bambo ankalisunga ngati dzira, ndipo ndi iwo omwe ankaphunzitsa obwera kumene. Kulemba m'kope kokhako ankakuona ngati tchimo lomwe adzakayankhe.

“Tangowalemberani, inu,” ankatero Mayi, uku akusita yunifolomu yawo. “Sitampa imodzi basi. Angadziwe ndani?”

“Ndidziwa ine.”

“Ndiye muzingowapembedza pakhomapo? Anthuwo ndi anthu, amafa.”

“Ndikadzapuma ntchito, lumbiro lidzatsala pageti. Tsiku lomwelo ndidzalemba.”

“Mudzalembera mitanda,” anatero Mayi. Ankanena moseka, ndipo ifenso tinaseka.

Kenako kunabwera zaka ziwiri zoipa. Mlongo wanga, mwana wamwamuna yekhayo m'nyumbamo, anadwala mutu Lachitatu, Lamlungu tinamuika. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Titabwera kumanda anthu asanabalalike n'komwe, ndinaona Bambo ataima pamapu, akuzula kapini kofiira n'kubayapo kakuda. Manja awo sananjenjemere. Ndinawada tsiku limenelo, ngakhale pano ndikudziwa kuti kulira kwawo kunali komweko. Ndipo ngati kuti zimenezo sizinakwane, makalata aja anasiya kudutsa. Zaka ziwiri zathunthu, ngakhale imodzi. Bambo ankabwera kuntchito nkhope ili yakugwa, Mayi n'kungowayang'ana, iwo n'kupukusa mutu.

Zaka zomwezo mlatho wa pafupi ndi msika unakokoloka ndi madzi, ndipo kunabwera anthu odzamanga wina. Anaika timatabwa toti oyenda pansi aziwolokera, koma munthu wa njinga ankayenera kuinyamula. Bambo njira yawo ya kuntchito inali yomweyo, ndiye mkwiyo wawo wonse unathera pa omanga mlathowo. Mkulu wawo anali bambo wina wamtali, wa chisoti chachikasu, wokonda kuimba mluzu. Ine ndinkamuonera patali ndikamapita kophunzira kusoka.

“A Kapitawo,” ankatero Bambo, “mlatho umenewu tidzauwoloka tili moyo?”

“A Positi, musandiyambe,” ankayankha iye. “Kalata yanga ya chaka chatha mpaka lero sinafike, ine ndakufunsani?”

Kulalatirana kwawo kunasanduka moni wa tsiku ndi tsiku. Kapitawoyo akawaona akubwera ankasiya zomwe akuchita n'kudzagwira tayala lakutsogolo, Bambo lakumbuyo, n'kuwolotsa njingayo akunyozana. M'mawa ndi madzulo, zaka ziwiri. Mlatho utatha anagwirana chanza, kapitawoyo n'kukwera lole ndi anthu ake. Kunyumba Bambo anangoti, “Munthu uja ndi wabwino, koma ndi wochedwa.” Posakhalitsa makalata aja anayambanso kudutsa, ndipo nkhope yawo inawalanso.

Ine ndinakwatiwa chaka chotsatira. Nditabwera kudzatenga katundu wanga, ndinapeza pa tauni yathu patsala kapini kofiira kamodzi.

“Bambo, kapini kanga kali kuti?”

“Iwe tsopano uli pa mapu a eni ake, mwanawe,” anatero, mofatsa ndithu, ngati akundiuza nthawi ya basi.

Ndinalira njira yonse. Anthu omwe sanawaonepo, omwe sankadziwa ngati ndi akuba kapena afiti, anali pakhoma la kwathu, koma ine wowatsukira nsapato za kumanda ndinali nditazulidwa. Chimenecho sindinawakhululukire, ndipo sindinamizira kuti ndinawakhululukira. Komabe Mayi atamwalira ndi ine yemwe ndinkapita tsiku lililonse kukawaphikira, chifukwa panalibenso wina.

Tsiku lopuma ntchito linafika. Anzawo anawapatsa wotchi yapakhoma, anawombera m'manja, Bambo n'kutuluka pageti akukankha njinga. Ine ndinali nditagula kale mapepala ndi maenvelopu asanu ndi awiri. Ndinaziika patebulo n'kunena kuti tiyeni.

“Iyayi,” anatero. “Taona nyumbayi. Anthu abwere adzapeze makoma ali mbuu chonchi? Adzati dzina lathu latha ulemu.”

Anayamba ndi utoto wa pabalaza. Kenako chitseko cha kubafa. Kenako denga la kukhitchini lomwe linkadontha kuyambira ine ndili mwana ndipo silinawadetsepo nkhawa. Kenako mipando. Ankagula umodziumodzi, yapulasitiki yoyera, n'kumaisanjikiza pakona mpaka inafika pafupi ndi denga, chifukwa mabanja asanu ndi awiri sangakhale pansi. Ndinawauza kangapo kuti alendo amayamba aitanidwa, mipando titha kubwereka kutchalitchi. Ankangondiyankha kuti ndine wapupuluma ngati Mayi. Apo n'kuti matenda a shuga atayamba kuwadya maso, moti utoto wa mazenera ndinamaliza ndi ine, iwo atapaka galasi lomwe. Chaka ndi miyezi iwiri zinatha choncho.

Pamapeto pake tinalemba. Iwo ankanena, ine n'kumalemba patebulo la makina anga osokera. Kalatayo inali yofanana kwa onse. Inafotokoza za chigwa chomwe chinamira, za ana asanu aja, inatchula malo onse asanu ndi awiri kuti aliyense adziwe kuti sali yekha, n'kuwaitana kuti adzakumane kwathu kuno. Makeyala analemba okha, zilembo zikuluzikulu zopendekeka, mphuno ili pafupi kugunda pepala. Masitampa anamata okha. Anakaponya okha.

Yoyamba inabwerera patatha milungu itatu, ili ndi chidindo chonena kuti mwini wake sakudziwika. Chidindo chimenecho Bambo anachimenya pa makalata a anthu ena kosawerengeka, ndiye sanafunikire kuti ndiwawerengere. “Anthu amasamuka,” anatero. Inabwerera yachiwiri, yachitatu. Pofika yachisanu ndi chimodzi anasiya kunena kanthu, ankangoilandira n'kuiika pansi pa wotchi ija. Ndinawamvera chisoni, ndiye tsiku lina ndinalemba dzina lathu pa foni yanga kuti ndione ngati lingatuluke penapake. Linatuluka kamodzi kokha.

“Ndapeza mmodzi, Bambo,” ndinatero, ndisanaonetsetse.

Anadzuka pampando msangamsanga ngati mnyamata. “Kuti? Ali kuti?”

Unali mndandanda wa opuma ntchito ku positi. “Ndi inu nomwe,” ndinatero, ndipo ndinalakalaka ndikanangotseka pakamwa.

Kalata yachisanu ndi chiwiri, ya kumpoto ija, sinabwerere. Bambo anaigwiritsitsa imeneyo. Ankati kalata yosabwerera ndiye kuti yalandiridwa, ndipo m'mawa uliwonse ankapukuta mipando yapamwamba ndi kansalu. Miyezi inayi inadutsa. Ndiye Lachisanu lina masana ndinakatsegula bokosi n'kupezamo envelopu yoyera, yonenepa pang'ono, yolembedwa ndi dzanja la munthu wosazolowera cholembera. Ndinathamanga nayo ngati mwana, ine mayi wa ana atatu.

Bambo anaisisita mbali zonse, anainunkhiza, n'kupempha mpeni, poti kalata ankakana kuing'amba ndi zala. Anavala jekete. Anakhala pampando wawo moyang'anana ndi mapu n'kunena kuti, “Werenga, koma pang'onopang'ono.”

Inali yochokera kwa mayi wina. Anayamba ndi moni, n'kupepesa kuti wayankha mochedwa chifukwa bokosi lomwe tinalembera linali la kampani, ndipo kalatayo anachita kumubweretsera mnzawo wa malemu. Pa liwu limenelo ndinaima.

“Pitiriza,” anatero Bambo.

“Ndikuti malemu chifukwa amuna anga, omwe munawalembera, anatisiya chaka chatha.” Mayiyo anatchula tsiku. Ndinawerengera mumtima, ndipo linali sabata lomwe tinkapaka utoto mazenera. Maso anga anathamangira m'munsi, ndipo zomwe ndinaona zinandichititsa kufuna kulumpha mizere ingapo.

“Ukudumpha,” anatero Bambo. “Ndikumva. Werenga zonse.”

Ndinawerenga. “Mwatchula mabanja ena asanu ndi limodzi ndi malo awo. Pepani bambo, kumeneko kulibe mabanja. Konseko tinali ife. Amuna anga anali kapitawo wa omanga milatho, ndiye mlatho ukatha tinkamanga katundu n'kupita komwe atitumiza. Kumapiri tinali ife, kumalire tinali ife, kudoko tinali ife. Ana tinali nawo awiri koma sanakhalitse, onse anapita ali makanda. Apongozi anga aamuna ankanena za chigwa chomwe mwatchulacho, ndipo anagwira ntchito kuminda ya kampani mpaka imfa yawo. Amuna anga anabadwa okha. Ankakonda kunena kuti dzinali lithera pa ine, ndipo ankati akadzapuma ntchito adzafufuza ngati kwinaku kuli abale. Sanafike popuma.”

Kenako Bambo anati, “Tenga kope lija. Usawerenge ndi malo. Werenga ndi zaka.”

Ndinatsegula. Kalata yomaliza ya kumapiri inali ya chaka chomwe yoyamba ya kumalire inadutsa. Ya kumalire itatha, ya kumigodi inayamba. Panalibe ngakhale nthawi imodzi yomwe masamba awiri ankayendera limodzi. Zinali zoonekeratu moti mwana wa sukulu akanaziona tsiku limodzi. Koma Bambo anali munthu wa timabokosi. Chilichonse ankachiika pa malo ake, ndipo zaka makumi atatu sizinawabwerere m'mutu zoti ayale masikuwo mumzere umodzi. Inenso kopelo ndinkalipukuta fumbi osalitsegula, chifukwa chodana nalo.

“Pali zaka ziwiri zopanda kanthu,” anatero. “Zija za maliro a mwana wanga uja. Anali kuti?”

Yankho ndinali nditaliona kale, linali kuseri kwa pepalalo. “Mwaiwala malo amodzi,” analemba choncho mayiyo. “Tauni yanuyo tinakhalamo zaka ziwiri, pomanga mlatho wa pafupi ndi msika. Tinkachita lendi kuseri kwa chigayo. Ndaikamo chithunzi cha tsiku lomwe anautsegulira, mwina mungakonde kuona nkhope ya m'bale wanu.”

Makalata a kapitawoyo a zaka zimenezo ankagwera pa tebulo linalo, la m'tauni mommuno, mikono itatu kuchokera pomwe Bambo ankaima, m'manja mwa anthu ongoona manambala.

Bambo anatenga chithunzicho n'kuchibweretsa pafupi ndi diso, n'kuchipititsa kutali, n'kuchitembenuzira kuzenera. Sanaone kanthu. Anandibwezera.

“Wavala chiyani?”

“Chisoti, Bambo. Chachikasu.”

“Wamtali?”

“Wamtali. Akuseka.”

“Mano akutsogolo?”

Bambo anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Inenso ndili nawo, malemu mlongo wanga anali nawo. “Ali ndi mpata,” ndinatero.

Anagwedeza mutu kwa nthawi yaitali. “Ndinkauona,” anatero. “M'mawa ndi madzulo ndinkauona mpata umenewo. Ankandigwirira njinga. Mwana wa bambo anga aakulu ankandigwirira njinga, ine ndikumulalatira.” Analoza mapu aja ndi chala. “Ine wowerenga maina a dziko lonse. Sindinamufunse dzina.”

Ndinayembekeza kuti alira, ndipo ndikanakonda akanalira. Anangodzuka, kupapasa khoma mpaka kufika pamapu, n'kuyamba kuzula timapini tofiira ndi zala. Ankatidziwa malo ake popanda maso. Kumapiri, kumalire, kumigodi, kudoko, kuchigwa cha nzimbe, pa kasiteshoni. Ka kumpoto anakasintha ndi kakuda. Pamapu onsewo panatsala kofiira kamodzi, pa tauni yathu. Anapapasa m'kachitini momwe ankasungira timapini, n'kutulutsa kakuda kena, n'kundiika m'dzanja.

“Aka usunge. Ntchito yake ukuidziwa.”

“Bambo, ine ndilipo,” ndinatero. “Ana anga alipo. Magazi ndi omwewo.”

“Ulipo, mwanawe,” anatero. “Zikomo.” Anavula jekete n'kupita kukagona, dzuwa likanali pamutu.

Kuyambira tsiku limenelo sanafunsenso za bokosi la makalata. Anasiya kupukuta mipando. Mankhwala ankamwa ndikawaimirira, ndikachoka ankaiwala, kapena ankachita dala, sindikudziwa. Kamodzi anandipempha kuti ndiwaperekeze pamlatho paja. Tinaima pakati, magalimoto akutiimbira mabelu, iwo atagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri. Ndinaganiza kuti anena kanthu. Anangoti, “Ndi wolimba,” tinabwerera. Anamwalira miyezi isanu kalata ija itafika. Mipando yoyera ija inagwira ntchito pamaliro, anakhalira anthu a m'dera lathu ndi achikulire angapo a ku positi, omwe polankhula ankangoti a Zodutsa, a Zodutsa.

Kapini kakuda kaja ndinakabaya. Ndinachedwa mwezi wathunthu, koma ndinakabaya.

Mwezi watha m'bokosi munagwa envelopu yakhaki yochokera ku ofesi ya penshoni, ili ndi dzina la Bambo lonse, lolembedwa bwinobwino. Ndinakhala nayo m'chikwama masiku atatu. Ndinkadziwa kuti palibenso ina ya dzina limeneli yomwe idzalembedwe kwa munthu wamoyo, kuno kapena kwina kulikonse. Kenako ndinalemba pakona kuti anamwalira, n'kupita nayo ku positi ofesi. Pakauntala panali mtsikana wina, foni ataipanira paphewa. Ndinamupatsa pang'onopang'ono, dzinalo litayang'ana kwa iye, ndikuyembekeza kuti akweza mutu n'kundifunsa kuti anthu amenewa kwawo n'kuti. Ndinali nditakonzeka kumuuza zonse, kuyambira pa chigwa chija. Anayang'ana nambala ya bokosi, anamenya chidindo, n'kuiponya m'thumba la kumbuyo kwake.

“Wina,” anatero.